Segunda-feira si Lachiwiri: kalendala wa m'lamya wafika ku Lulimile

LICHINGA — M'nyumba zambiri za ku Lulimile, dera limene lili m'gulu la ma posto anayi a mzinda uno pamodzi ndi Sanjala, Chiuaula ndi Massenger, kalendala wa pepala akadali pa khoma, wokhomedwa ndi msomali pafupi ndi chitseko. Koma masiku ano kalendala ameneyu salinso yekha. Mwana wa sukulu wa m'nyumbamo ali ndi wina m'thumba, m'kati mwa lamya, ndipo mlamu wake wogwira ntchito ku ofesi m'tauni ali ndi wachitatu m'kompyuta ya pa tebulo. Onsewa akuwerenga chaka chimodzi. Mavuto amabuka pamene wina wasintha tsiku la msonkhano, la sikelo ya mwana kapena la ulendo wa ku Mandimba, makalendala enawo osamva kanthu.

Ntchito yochititsa kuti makalendalawa azinena chimodzimodzi imatchedwa sincronizar m'Chipwitikizi, ndipo mawu amenewa ndiwo amaoneka m'lamya zambiri zogulidwa kuno. M'Chinyanja ndiko kulunzanitsa. Kwa munthu wa m'tauni, kuphonya tsiku ndi nkhani yongopepesa n'kubwereranso mawa. Koma kwa munthu wa ku Ngauma, ku Lago kapena ku Mandimba, amene wagulitsa ndowa ya nyemba kuti alipire chapa, kufika ku Lichinga tsiku lolakwika ndiko kutaya ndalama ya ulendo, tsiku la kumunda, ndiponso nthawi zina mwayi woonana ndi dokotala amene anamudikira mwezi wathunthu. Kuchokera ku Mandimba kufika ku Lichinga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo palibe amene amauyenda kawiri mwa chisangalalo.

Msokonezo unayamba lamya zisanabwere

Anthu a m'malire akhala akupunthwa pa masiku kuyambira kale, ndipo chifukwa chake chili m'zinenero zimene amalankhula. Chinyanja chimawerenga masiku a ntchito kuyambira Lolemba, tsiku limene antchito ankalembedwa maina, kenaka Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, mpaka Loweruka, tsiku loweruka ku ntchito. Chipwitikizi nachonso chimawerenga masiku ndi manambala, koma chimayambira pa Lamulungu. Motero segunda-feira, kutanthauza tsiku lachiwiri, ndi Lolemba. Terça-feira, tsiku lachitatu, ndi Lachiwiri. Quarta-feira, lachinayi, ndi Lachitatu. Manambala a zinenero ziwirizi amasemphana ndi tsiku limodzi mlungu wonse.

Namwino akalemba pa khadi kuti quinta-feira, mdzukulu amene waphunzira kuti quinta ndi chachisanu akhoza kuuza agogo ake kuti akuwafuna Lachisanu, chikhalirecho tsiku lake ndi Lachinayi. Agogowo akafika Lachisanu amapeza kuti tsiku lawo linadutsa dzulo. Palibe amene wanama, aliyense wawerenga bwino m'chinenero chake.

Vutoli linakula pambuyo pa nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwawo, ndipo ena mwa iwo anali ataphunzira kuwerenga masiku m'Chichewa ndi m'Chingerezi m'sukulu za kumeneko. Ana awo anaphunzira m'Chipwitikizi. Lero m'nyumba imodzi mukhoza kukhala bambo wonena kuti 2 koloko masana ndi mwana wonena kuti 14 horas.

Lamya siinathetse msokonezowu, mwina yangouwonjezera. Kalendala wa m'lamya yoikidwa m'Chipwitikizi amafupikitsa maina a masiku kukhala zilembo zokha, D, S, T, Q, Q, S, S. Pali ma S atatu, a segunda, sexta ndi sábado, ndi ma Q awiri. Lamya zina zimayamba mlungu ndi Lamulungu, zina ndi Lolemba, kotero kuti munthu wozolowera kuwerenga mizere ya kalendala wa pa khoma akhoza kuloza bokosi loyandikana nalo. Palinso za kalembedwe ka deti. Kuno ndi ku Malawi komwe, 03/04 ndi pa 3 Epulo. Koma lamya imene inasiyidwa pa Chingerezi cha ku America imawerenga manambala omwewo kuti pa 4 Malichi, chifukwa kumeneko amayamba ndi mwezi. Lamya zambiri zakale zogulidwa pa msika zimabwera zili choncho, ndipo mwini wake sadziwa. Chokonza chake n'chaching'ono: kulowa m'malo osinthira zinthu, amene amalembedwa Definições kapena Configurações, n'kusankha chinenero chimene mwini lamya amawerenga bwino, tsiku loyambira mlungu, ndi wotchi ya maola 24 imene siisokoneza 7 koloko ya m'mawa ndi ya madzulo.

N'zoseketsa kuti ngakhale atsamunda awiri amene anadula malire awa anakhala nthawi yaitali asakugwirizana pa deti. Dziko la Portugal linalandira kalendala wa Papa Gregory mu 1582, pamene anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. A Britain anakana mpaka mu 1752. Kwa zaka 170, deti la ku Lisbon linkakhala patsogolo pa deti la ku London.

Buku lalikulu lili kutali

Kuti munthu amvetse kulunzanitsa, aganizire za kaundula wa mudzi. Buku lenileni limakhala kwa mfumu. Mlembi wa tchalitchi ndi mlembi wa komiti ya chitukuko akhoza kukhala ndi makope awo, koma mwana akabadwa kapena munthu akamwalira, uthenga umayenera kufika ku buku la mfumu, ndipo enawo akonze makope awo potengera bukulo. Wina akangolemba m'kope mwake osatumiza uthenga, mabukuwo amayamba kusiyana.

Kalendala wa pa intaneti amayendanso chomwecho. Buku lalikulu silikhala m'lamya kapena m'kompyuta ya ku ofesi ayi. Limakhala m'makompyuta akuluakulu a kampani monga Google, Microsoft kapena Apple, kunja kwa dziko lino, pansi pa dzina la akaunti ya munthuyo. Lamya ndi kompyuta zimangosunga makope. Chinthu chilichonse cholembedwa pa kalendala chimapatsidwa nambala yakeyake yobisika, pamodzi ndi chizindikiro cha nthawi imene chinasinthidwa komaliza. Lamya ikapeza netiweki imafunsa ku buku lalikulu ngati pali chatsopano, imatumiza zimene mwini wake walemba, n'kulandira zimene zalembedwa kwina. Kompyuta nayo imachita zomwezo ikayatsidwa. Kunena zoona, lamya ndi kompyuta sizilankhulana zokha. Zonse ziwiri zimalankhula ndi buku lija.

Kale sizinali choncho. Mu 1996 kunatuluka kachipangizo ka m'manja kotchedwa Palm Pilot, kamene munthu ankakakhazika pa kampando kolumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe, n'kudina batani kuti ziwirizo zifananitse masiku. Kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kake, ndipo kalendala wa kampani ina sankawerengeka pa makina a ina. Mu 1998 akatswiri anagwirizana za kalembedwe kamodzi kotchedwa iCalendar, kamene mafayilo ake amathera ndi zilembo .ics, ndipo kakugwirabe ntchito mpaka lero. Google inatsegula kalendala wake mu 2006, ndipo mu 2007 kunakhazikitsidwa njira yotchedwa CalDAV, imene imalola makina osiyanasiyana kulemba ndi kuwerenga m'buku limodzi kudzera pa intaneti.

M'dziko muno lamya za m'manja zinayamba ndi mcel mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, koma midzi yambiri ya ku Niassa inaona mlongoti woyamba Movitel itayamba ntchito mu 2012. Choncho anthu a kuno sanadutse m'nyengo ya zingwe ija. Ambiri anayamba ndi lamya, ndipo kompyuta anaiona pambuyo pake, ku sukulu, ku ofesi ya boma kapena pa kasitolo kojambula mapepala. Zimenezi zili ndi tanthauzo lake: kwa mzungu lamya inabwera kudzatsatira kompyuta, koma kwa mphunzitsi wa ku Lulimile lamya ndiyo nkhokwe, kompyuta ndi ya eni ake ndipo amaigwira mwa apo ndi apo.

Pamene zimaduka

Chinthu choyamba chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti m'lamya imodzi mumakhala makalendala angapo. Pali wa akaunti, amene dzina lake limakhala imelo ya munthuyo, ndipo pa lamya zambiri pali winanso wotchedwa Telefone kapena Meu calendário. Wachiwiriyu satuluka m'lamyamo. Zimene zalembedwa mwa iye sizipita ku buku lalikulu, sizioneka pa kompyuta, ndipo lamyayo ikagwera m'madzi pa doko la Metangula kapena ikabedwa pa msika, masiku onse amapita nayo. Polemba tsiku latsopano pamakhala kamzere kosonyeza kalendala amene akulandira. Anthu ochepa okha ndiwo amakayang'ana, chikhalirecho nkhani yonse yagona pamenepo.

Chachiwiri ndi akaunti yeniyeniyo. Si zachilendo kuti munthu akagula lamya, mnyamata wa pa sitolo kapena mphwake ndiye amamutsegulira akaunti, n'kuikapo mawu achinsinsi amene mwini lamya sawadziwa. Lamyayo imagwira bwino ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri. Tsiku limene yawonongeka, munthuyo amagula ina, wina amamutseguliranso akaunti yatsopano, ndipo buku lakale lija limatsala lokhomedwa, kiyi wake ali ndi munthu amene mwina anasamukira ku Nampula. Kulunzanitsa kulibe phindu ngati mwini wake sadziwa dzina la akaunti ndi mawu ake achinsinsi. Zinthu ziwirizi n'zoyenera kulembedwa pa pepala n'kusungidwa pamodzi ndi makalata a nyumba. Nambala ya lamya imene inaperekedwa potsegula akaunti nayo ndi yofunika, pakuti ndi kumene kampani imatumiza nambala yotsegulira munthu akaiwala. Anthu a m'malire amasinthasintha makhadi, lero la +258, mawa la +265 la TNM kapena Airtel, ndipo khadi likakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imalitseka. Kuwonjezera apo, kuyambira mu Disembala 2023 Google inadzipatsa ufulu wofafaniza akaunti imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa.

Chachitatu ndi ma mega. Kalendala sadya zambiri, pakuti ndi mawu okhaokha, alibe zithunzi kapena mafilimu. Koma popanda netiweki sangatumize kanthu. Anthu ambiri amazimitsa intaneti pofuna kusunga ma mega, ena amagula phukusi la WhatsApp ndi Facebook lokha, limene silitsegula njira ya kalendala. Palinso makonzedwe osunga batire ndi osunga ma mega, amene amaletsa lamya kugwira ntchito mwakachetechete ili m'thumba. Zotsatira zake, mkulu wa sukulu amasintha msonkhano pa kompyuta Lolemba, koma lamya ya mphunzitsi wokhala kumudzi imamva za kusinthako Lachinayi, atafika kale pa sukulupo. Mu Definições, pansi pa Contas, muli lamulo lakuti Sincronizar agora, limene limakakamiza lamya kukafunsa ku buku lalikulu nthawi yomweyo. Ubwino wake ndi wakuti tsiku likangolowa m'lamya, belu lokumbutsa limalira ngakhale kumunda kumene kulibe netiweki.

Pa makompyuta a m'maofesi pali msampha wina umene ngakhale alembi ophunzira amagweramo. Kalendala wa munthu wina akhoza kulowetsedwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutenga fayilo ya .ics n'kuitsanulira mwa iwe mwini, imene m'Chipwitikizi imatchedwa importar. Uku kuli ngati kujambula chithunzi: masiku amalowa monga analili tsiku limenelo, ndipo mwini wake akasintha mawa, chithunzicho sichisintha. Ena poona kuti sizikusintha amatsanuliranso kachiwiri, mwina n'kupeza msonkhano uliwonse walembedwa pawiri. Njira yachiwiri ndi kulembetsa pa adiresi ya kalendalayo, subscrever, kuti makina azikatenga okha zatsopano. Iyi ndi yabwino, koma ndi ya mbali imodzi, wolembetsayo amangowerenga, sangasinthe kanthu, ndipo nthawi zina zatsopano zimatenga maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu, kuti zifike. Outlook yakale, imene ikadali m'makompyuta ambiri, imaonetsa kalendala wa Google mwa njira imeneyi. Pulogalamu ya Thunderbird, imene ndi yaulere, imatha kulemba ndi kuwerenga mbali zonse ziwiri. Kumene kuli kompyuta yobwereka, chapafupi ndi kungotsegula kalendalayo pa tsamba la intaneti, ndi kukumbukira kutuluka mu akaunti pochoka.

Ndipo pali chimodzi chimene anthu amachidziwa mochedwa. Kulunzanitsa kumanyamula zabwino ndi zoipa zomwe. Mwana akamaseweretsa lamya n'kufafaniza tsiku la mayeso, lamuloli limapita ku buku lalikulu, ndipo tsikulo limasowanso pa kompyuta. Kwa Google zofafanizidwa zimakhala m'nkhuti ya zinyalala masiku 30, ndipo zikhoza kubwezedwa munthu atatsegula kalendalayo pa kompyuta. Akadutsa masiku amenewo, zapita.

Nanga tilamya ta mabatani, timene m'tauni amati bombinha, timene ndi tambiri kumidzi kuposa lamya zosisita? Tili ndi kalendala ndi belu, koma tambiri sitilunzanitsa ndi chilichonse. Kale Google inkatumiza chikumbutso pa SMS, chimene chinkafika ngakhale pa tilamya totere, koma inasiya zimenezi mu 2015 kwa anthu wamba ndipo mu 2019 inasiyiratu kwa onse. Tilamyati tilinso ndi chizolowezi chakuti batire ikachotsedwa, monga zimachitikira posintha khadi kapena pokatchajitsa kwa a sola, deti limabwerera ku chaka chimene kanapangidwa. Mwini wake akapanda kukonza, belu la chipatala lidzalira pa tsiku limene kulibe.

Malire ali ndi zawozawo

Pa nkhani ya maola, anthu a m'malire a Malawi ali ndi mwayi. Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa onse ali pa nthawi imodzi, ndipo palibe mwa maiko amenewa limene limasintha wotchi pakati pa chaka. M'kaundula wa nthawi amene lamya ndi makompyuta a pa dziko lonse amatsata, mizinda ya Blantyre, Lusaka ndi Harare inalembedwa kuti izingotsatira Maputo. Munthu wodutsa pa Mandimba kupita ku Chiponde, kapena pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi, kapena wokwera boti pa Cóbuè kupita ku Likoma, sasowa kukhudza wotchi. Mwana amene ali ku Johannesburg akalemba kuti adzaimba 18 horas, kuno ndi 18 horas yomweyo.

Kumpoto n'kosiyana. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Lamya imene inaikidwa kuti izitenga nthawi ku netiweki ikagwira mlongoti wa tsidya lina la Rovuma, monga zingachitike cha ku Matchedje, imatha kudumpha ola yokha, ndipo masiku onse a pa kalendala amaoneka atasuntha ndi ola lomwelo. Ikabwerera pa netiweki ya kuno imabwereranso. Wochita malonda ndi anthu a ku Songea akumbukirenso kuti m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'bandakucha, kotero kuti saa moja ndi 7 koloko. Dziko la Portugal limasintha wotchi kawiri pa chaka, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala, motero Lisbon imatsalira ndi ola limodzi miyezi ina, ndi maola awiri miyezi ina. Apa ndi pamene kalendala wa pa intaneti amaposa wa pa khoma, pakuti amawerengera yekha kusiyanako, malinga ngati lamya iliyonse inauzidwa bwino dziko limene ili.

Chimene chimasiyana kwambiri pakati pa Mozambique ndi Malawi ndi masiku a tchuthi. Kuno maofesi a boma ndi mabanki amatseka pa 3 Febuluwale, tsiku limene Eduardo Mondlane anaphedwa mu 1969, pa 7 Epulo pokumbukira Josina Machel, pa 25 Juni, pa 7 ndi pa 25 Sepitembala, ndi pa 4 Okutobala. Mzinda wa Lichinga uli ndi tsiku lakelake, pa 23 Sepitembala, limene unakwezedwa kukhala mzinda mu 1962 ukadali Vila Cabral. Ku Malawi masiku onsewa ndi a ntchito. Kumeneko amatseka pa 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi, pa 14 Meyi tsiku la Kamuzu, pa 6 Julayi, ndi pa 15 Okutobala tsiku la anakubala. Munthu wopita ku banki ku Mangochi pa 3 Malichi adzapeza chitseko chotseka, ngakhale kalendala wa pa khoma lake sanasonyeze chofiira chilichonse. Kalendala wa Google amalola kuwonjezera ma feriado a maiko angapo nthawi imodzi, aliwonse ndi mtundu wake, ndipo kwa munthu wa m'malire ichi mwina ndicho chinthu chaphindu kuposa zonse zimene makinawa amachita. Koma tolerância de ponto, imene boma limalengeza patangotsala masiku ochepa, kawirikawiri siilowamo. Imeneyo imamveka pa Rádio Moçambique, imene ku Niassa imaulutsanso m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua.

Asilamu, amene ndi ochuluka m'chigawo chino, ali ndi chifukwa chawo chosakhulupirira lamya kotheratu. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wa kumwamba ndipo chili ndi masiku 354 kapena 355, motero Ramadan imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Deti la Eid limene lamya imasonyeza miyezi isanakwane ndi longowerengera. Tsiku lenileni limadikira kuti mwezi uoneke ndipo atsogoleri alengeze, ndipo likhoza kusuntha ndi tsiku limodzi. Akhristu nawo ali ndi Pasaka, amene amayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Amene amalemba Pasaka pa kalendala n'kuuza lamya kuti izibwereza deti lomwelo chaka ndi chaka adzalakwa chaka chamawa.

Sukulu nazo sizitsegulira pamodzi. Kuno chaka cha maphunziro chimayamba kumayambiriro kwa chaka, cha mu Febuluwale, pamene ku Malawi chimayamba cha mu Sepitembala. Banja limene lili ndi ana mbali zonse ziwiri limasaka ndalama ya yunifolomu kawiri.

Za chipatala

Kumene deti limalemera kuposa kwina konse ndi ku chipatala. Katemera wa ana ku Mozambique amaperekedwa mwana akangobadwa, kenaka pa miyezi 2, 3 ndi 4, wa chikuku pa miyezi 9 ndi kubwereza pa miyezi 18. Ku Malawi amawerenga milungu, 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku amabwereza pa miyezi 15. Mayi amene anachira ku chipatala cha tsidya lina n'kubwerera kumudzi kwawo amakhala ndi khadi lowerenga mosiyana ndi la anzake. Amene akuuza zoona pamenepa ndi namwino ndi khadilo. Lamya ntchito yake ndi kungokumbutsa deti limene namwino walemba, ndipo ndi bwino kuika belu masiku awiri tsikulo lisanafike, kuti ndalama ya chapa ipezeke.

Pali chitsanzo chimodzi m'dziko muno cha anthu akumudzi amene anayendetsa kalendala wa gulu popanda makina alionse. Mu 2008 ku Tete, odwala amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, mothandizidwa ndi azaumoyo a boma ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, anayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita ku chipatala kukatengera onse mankhwala, mwezi wotsatira n'kupita wina. Timaguluti, totchedwa GAAC, tinafalikira m'dziko lonse. Ntchito yonse inkadalira kuti anthu 6 adziwe mofanana kuti mwezi uno ndi wa yani ndipo tsiku lake ndi liti. Kalendala wogawana wa pa intaneti anapangidwira zinthu ngati zomwezi: mmodzi akasintha, onse aone.

Komabe apa m'pofunika kusamala. Lamya ya kumudzi siikhala ya munthu mmodzi. Imabwerekedwa, imasiyidwa pa sitolo kuti itchajidwe, ana amaimbirapo nyimbo. Chikumbutso chimatulukira pa galasi ngakhale lamya ili yokhoma, ndipo ngati akaunti yomweyo inatsegulidwa pa kompyuta ya ku ntchito, mawu omwewo amaonekanso kumeneko. Mayi amene akulera ndi jakisoni wa miyezi itatu, kapena bambo amene sanaululire abale ake za matenda ake, angapeze kuti chinsinsi chake chawerengedwa ndi munthu amene anangobwereka lamya kuti aone nthawi. Palibe lamulo lakuti pa kalendala pazilembedwa dzina la matenda. Mawu akuti "ku tauni" kapena "kwa azakhali" amaliza belu mofanana. Pogawana kalendala ndi munthu wina palinso mwayi wosankha ngati iye azingoona kuti tsikulo ndi lotanganidwa, kapena aziona zonse, kapena azithanso kusintha. Kupatsa aliyense mphamvu yosintha kumathera pa kusowa wofunsa zinthu zikasokonekera.

Kwa mlimi wa mbatatesi ndi nyemba pa mapiri a Lichinga, makinawa ali ndi malire ake. Sadziwa tsiku limene chizimalupsa chidzagwe, ndipo msodzi wa ku Meluluca sangafunse lamya ngati mwera uwombe mawa. Koma mvula ikagwa ndipo mbewu yalowa m'nthaka, masiku otsatira ndi owerengeka: lopalira, lothira feteleza wachiwiri, lobweza ngongole ya gulu, lokumana pa xitique. Masiku oterewa amatayika mosavuta m'mutu mwa munthu wotanganidwa, ndipo ndi amene lamya imasunga bwino.

Njira yoyesera ngati zonse zili m'malo ndi yaifupi. Munthu alembe pa lamya chinthu chachabe, monga "kuyesa", pa tsiku la mawa, ataonetsetsa kuti chalowa m'kalendala wa akaunti. Kenaka atsegule akaunti yomweyo pa kompyuta kapena pa lamya ya mwana wake. Chikaoneka pasanathe mphindi zochepa, njira ndi yotseguka. Achifafanize kumeneko, n'kuona ngati chasowanso pa lamya yoyamba. Chikapanda kuoneka, ayang'ane ngati intaneti ndi yoyatsa, ngati maina a akaunti ndi ofanana chilembo ndi chilembo mbali zonse, ndiponso ngati batani la Calendário pansi pa Contas silinazimitsidwe ndi munthu wofuna kusunga batire.